Tsiku Limene Dzuwa Linatseka Wailesi Pakamwa

"Mwendo wa munthu uja wadula ndiwe. Osati macheka ayi, iweyo!"

Anatero manijala wa kampani ina yocheka matabwa, akuloza mtsikana wa m'chipinda cha wailesi ndi kiyi wa galimoto. Sanamuitanire mu ofesi. Anamukalipira pakhonde, alonda, madalaivala ndi amayi osesa akumva.

Inu amene mukufuna mawu olimbikitsa, piriranitu, chifukwa nkhani iyi ikuyamba ndi zowawa.

Mtsikanayo anzake ankangomutchula kuti Ova. Makolo ake anamwalira ali wamng'ono, analeredwa ndi azakhali ake, ndipo mayeso omaliza a kusekondale analephera. Chinamugwetsa ndi sayansi. Ntchitoyi anaipeza movutikira, ndipo ankaigwira ngati dzira.

Kampaniyo inali ndi misasa mkati mwa nkhalango, kutali kumene foni sigwira. Ankalankhulana pa wailesi yaikulu yotumizirana mauthenga, ija amati ukamaliza kuyankhula uzinena kuti "ova". Ntchito ya mtsikanayu inali kukhala m'kachipinda kotentha, kokhala ndi fani yosazungulira, kumvetsera misasa ndi kuyankha.

Tsikulo, dzuwa lili paliwombo, wailesi inabangula. Linali phokoso ngati la mvula yamphamvu padenga lamalata, linakwera, kenako linatsika. Litatha, kunati zii. Ngakhale kaphokoso kaja kamene wailesi yotere siisiya, ka shiii, kanazilala.

Ova anapotokola mabatani. Anayang'ana batire, anagwira mawaya, anatuluka kukaona ngati eliyo, waya uja wokoka mafunde, yaduka. Zonse zinali m'malo. Anaitana msasa uliwonse mpaka kukhosi kunauma. Anathamangira ku ofesi ya manijala, n'kupeza chitseko chokiya, bwana apita kukadya.

Patapita nthawi yaitali wailesi inadzuka yokha. Mawu oyamba kumveka anali a kapitawo wa kumsasa, atasasa ndi kukuwa. Makina ochekera anali atang'amba mwendo wa munthu, ndipo iwo anakhala akuitana galimoto nthawi yonseyo. Galimoto inanyamuka, koma msewu unali wautali. Pofika kuchipatala, madokotala analibe chochita koma kudula mwendowo.

Tsono pakampanipo panali kachitidwe kawo. Makina akavuta ankaitana mmisiri. Mmisiri akapeza kuti makina ndi abwino, ndiye kuti wovuta ndi munthu. Panalibe kufunsa zambiri.

Mmisiri anabwera chakumadzulo. Anayatsa wailesi, anaitana kumsasa, ndipo kapitawo anayankha momveka ngati ali m'chipinda momwemo.

"Bwana, wailesiyi ilibe chilema," anatero mmisiri. "Ikulongolola kuposa apongozi anga."

"Koma inabangula, kenako inakhala chete," anatero Ova.

"Kapena inagwidwa chifuwa," dalaivala wina anatero, ndipo pakhonde panamveka kuseka.

Anaseka, abale. Munthu wataya mwendo, mtsikana akutaya dzina, iwo n'kumaseka. Anagamula kuti mtsikanayo anatsitsa voliyumu n'kugona. Ena anati anapita kwa chibwenzi. Tsiku lomwelo anamuchotsa ntchito.

Bambo amene anaduka mwendoyo ankakhala mumsewu umodzi ndi azakhali a Ova. Anthu ankawatchula kuti a Macheka. Atatuluka m'chipatala ankakhala pakhonde pawo, ndodo ziwiri zili pambali, ndipo Ova akamadutsa ndi ndowa ya madzi ankamukuwa.

"Ova! Ova! Mwendo wanga uli kuti? Wagonanso?"

Msewu wonse unkamva. Amayi a pampopi ankasiya nkhani akamuona. Kulikonse kumene ankafunsa ntchito, mbiri yake inali itafika kale n'kukhala pampando.

"Mwana wa achimwene anga, ingopita ukapepese," azakhali ake anamuuza. "Kupepesa sikuthyola msana."

"Azakhali, ndikapepese chiyani? Sindinagone."

"Ndiye inatseka ndani wailesiyo? Mizukwa?"

"Sindikudziwa. Koma si ine."

"Sindikudziwa sadyetsa munthu, mwana iwe."

Chimene Ova ankafuna sichinali chachikulu. Ankafuna kuti a Macheka adziwe kuti tsiku lija iye anali pampando. Basi.

Potsiriza anamulandira ndi mkulu wina wokonza mawailesi kumsika, a Waya. Kabenchi kawo kanali pakati pa wosoka nsapato ndi wogulitsa machaja a foni.

"Ndamva kuti umagona pantchito," anatero a Waya. "Kuno mpando ndi umodzi, ndipo ndi wanga. Ukagona ugona choimirira."

Ova ankaphwasula mawailesi akufa, kusankha zitsulo zabwino, kupukuta fumbi. Zala zinapsa ndi chitsulo chowotcherera mpaka zinazolowera. Miyezi inadutsa.

Tsiku lina masana a Waya ankayesa wailesi yakalekale, ija imagwira masiteshoni a maiko akutali. Munthu wina ankawerenga nkhani m'chinenero chachilendo. Mwadzidzidzi wailesi inabangula, mawu a munthu uja anamira, kenako zii. Koma kawailesi ka wosoka nsapato, kogwira siteshoni yapafupi, kankangoimba nyimbo zake.

Sikuludiraiva inagwa m'manja mwa Ova.

"Ndi zomwezi! Bambo, ndi zomwezi ndendende!"

"Usaigwire," anatero a Waya osatekeseka. "Ndi dzuwa limenelo. Zimatero nthawi zina masana. Ibwerera yokha."

"Dzuwa limatani?"

"Ine ndimalumikiza mawaya, mwana iwe. Za kumwamba ukafunse eni ake."

Wailesi inabwereradi yokha. Ova sanabwerere m'mbuyo.

Anayamba kufufuza pa foni yake yosweka galasi. Mawu amene ankawapeza anali ovuta, ena otalika ngati njanji, ndipo kumbukirani kuti uyu ndi munthu amene sayansi inamugwetsa. Ankawerenga mzere umodzi, kufunafuna tanthauzo, kubwereranso. Anapita kulaibulale ya m'tauni, kumene mabuku a zakuthambo anali atagwira fumbi. Anamvetsa zina, zina anasokoneza. Kwa kanthawi ankakhulupirira kuti dzuwa likatentha kwambiri limafewetsa waya wa eliyo.

Ataona kuti payekha wafika pokanirira, anapita kukoleji ya m'taunimo. Mlonda anamubweza chifukwa analibe chiphaso. Anabweranso. Mlembi wa pa ofesi anamuyang'ana kuyambira kumapazi n'kumuuza kuti aphunzitsi ndi otanganidwa. Anabweranso. Anakhala pa sitepe ya labu mpaka mayi wina wophunzitsa sayansi anatopa ndi kumulumpha.

"Iwe, ukugulitsa chiyani pamenepa?"

"Sindikugulitsa, amayi. Ndikufuna kudziwa ngati kutentha kwa dzuwa kungatseke wailesi."

"Kutentha? Ukanakhala wophunzira wanga ndikanakupatsa ziro. Lowa."

Ova anafotokoza zonse, kubangula, chete, mmisiri, mwendo. Mayiyo anamvetsera osamudula. Kenako anatenga mphira womangira mapepala n'kuyamba kuupota ndi zala.

Anamuuza kuti dzuwa si mbaula yoyaka mofanana tsiku ndi tsiku. Pankhope pake pamatuluka mawanga akuda, ndipo pamawangapo mphamvu ya maginito imakhala yopotana ngati mphira umenewo. Imapotana, imapotana, mpaka penapake imaduka n'kulumikizana mwatsopano. Mphamvu yonse imene inasungika m'kupotanako imatuluka m'mphindi zochepa. Kumeneko ndiko kuphulika kwa padzuwa.

"Maelekitironi ukuwadziwa?"

"Tinthu tating'onoting'ono timene timayenda m'mawaya n'kupanga magetsi."

"Ziro ija ndaifufuta. Padzuwa tiliponso tambirimbiri. Maginito akaduka amatiponya ngati miyala ya legeni, liwiro lake loyandikira la kuwala."

Ena mwa maelekitironiwo, anatero mayiyo, amaponyedwa pansi, kulowera m'dzuwa momwemo. Amakawomba mpweya wothinana n'kuima mwadzidzidzi, ndipo mphamvu yawo imatuluka ngati ekisire, cheza chija achipatala amaunikira nacho mafupa. Mpweya umene auwombawo umatentha koopsa n'kutulutsanso ekisire wina wambiri. Ena amaponyedwa m'mwamba, kuthawa dzuwa, ndipo podutsa amagwedeza mpweya wopyapyala wolizungulira. Kugwedezekako kumabala mafunde a wailesi. Zonse ziwiri, ekisire ndi mafundewo, zimafika kuno m'mphindi ngati zisanu ndi zitatu.

"Ndiye kubangula kuja, mwana wanga, linali dzuwa lenilenilo. Unalimva ndi makutu ako."

"Nanga chete uja?"

"Wailesi yanu ija mawu ake saboola mapiri. Amakwera kumwamba, amakagunda mpweya wa kutali m'mlengalenga n'kunjanja ngati mpira, kugwera kumsasa. Tsono ekisire wa dzuwa safika pansi pano, amathera m'mwamba momwemo. Koma pothera amasintha mpweya wa m'munsi mwake, umene mawu aja amayenera kudutsamo, n'kuusandutsa ngati matiresi. Ponya mpira pa matiresi, uone ngati unjanje. Mawu onse amamezedwa mpaka ekisire atachepa. Zimachitika mbali ya dziko imene kuli masana, ndipo masiteshoni apafupi sazimva chifukwa mawu awo sadzera kumwambako."

"Ndiye mmisiri uja..."

"Ngakhale akanabwera ndi amisiri odzadza lole, madzulo wailesi ikanayankhula basi. Anayeza bwino. Anangoyeza nthawi yolakwika."

Kenako mayiyo anatsegula kompyuta. Pali masetilaiti amene amayeza ekisire wa dzuwa osapuma, ndipo zimene amayezazo aliyense akhoza kuziona. Anafunafuna tsiku la ngozi lija. Mzere wosonyeza kuchuluka kwa ekisire unkayenda pansi m'mawa wonse, kenako masana unalumpha ngati waponda minga, n'kumatsika pang'onopang'ono.

Ova sanalire. Anapempha kuti amusindikizire.

Mukuganiza kuti nkhani yatha? Ndiye anthu simukuwadziwa.

Anapita nalo pepalalo kukampani. Manijala anakumana naye pageti, akulowa m'galimoto, ndipo sanalilandire n'komwe.

"Tsopano ukunamizira dzuwa? Mawa udzanamizira mwezi. Mlonda, tsegula geti."

Anapita nalo kwa a Macheka. Iwo analiyang'ana, analitembenuza, analibweza.

"Mizere iyi ngakhale nkhuku ikhoza kujambula pamchenga. Choka pakhomo panga."

Pamenepa ambiri akanasiya, ndipo palibe akanawanena. Ova anabwerera kubenchi ya a Waya, anagwira ntchito tsiku lonse, kenako anati, "Bambo, wailesi yakale ija mwini wake sanabwere. Ndibwerekeni."

"Ukatani nayo?"

"Pepala akana. Akamve okha."

A Waya anamuthandiza kuikonza n'kumupatsa mpukutu wa waya. Mayi wa kukoleji analonjeza kuti azimuuza banga lalikulu la padzuwa likatembenukira kudziko, koma anamuchenjeza. "Tsiku ndi ola palibe angakuuze. Dzuwa silipangana ndi munthu."

Ova sanapite kwa a Macheka. Anapita kwa akazi awo, akuchapa kuseri.

"Amayi, ndiloleni ndimange waya kuchokera pamtengo uwu kufika pamzati wa khonde. Ndizibwera nthawi yopuma masana."

Mayiwo anafinya chovala chimene ankachapa. "Manga. Kapena bambowa angapeze womukalipira wina, ine ndipumeko."

Ndiye masana alionse Ova ankabwera ndi wailesi, kuilumikiza, kuitchera siteshoni yakutali, n'kukhala pa njerwa m'munsi mwa khonde. Mpando sanamupatse. A Macheka ankakhala pamwamba, ndodo zili pambali, pakamwa pali potsegula.

"Lero dzuwa lako labwera? Kapena lili ndi manyazi?"

"Sindikudziwa, bambo. Tidikire."

"Dikira. Kudikira ndi kugona ndiye maluso ako."

Masabata anadutsa popanda kanthu. Anthu odutsa ankaima kuti aone misala. Azakhali ake anasiya kudzera mumsewumo chifukwa cha manyazi. Banga lina linabwera n'kupita osaphulika. Lina linaphulika kuno kuli mdima, phokoso lake n'kukagwera anthu a mbali ina ya dziko.

M'nyengo yomweyo Ova analembetsa kubwereza mayeso. Mabuku ankawerengera pa njerwa pomwepo, khutu limodzi ku wailesi, lina ku zonyoza. Kuona maso a nkhono n'kudekha, amatero, koma amene amanena zimenezi sanakhalepo pa njerwa yotentha akutukwanidwa.

Kenako tsiku lina, munthu wa kutali uja ali mkati mowerenga nkhani, wailesi inabangula. A Macheka anadzidzimuka mpaka ndodo imodzi inagwa. Phokoso linakwera, linatsika, mawu a wowerenga nkhani anazilala ngati munthu womira m'chitsime. Zii.

"Wazimitsa!"

"Manja anga ndi awa, bambo. Igwireni nokha."

Anawapatsira wailesi pamiyendo. A Macheka anakweza voliyumu mpaka pamapeto. Anapotokola uku ndi uku. Kanyali kankayaka, batire inali bwino, koma masiteshoni onse akutali anali atafa. Kunyumba yoyandikana, wailesi yogwira siteshoni yapafupi inkaimba ngati palibe chachitika.

Ova anatsegula foni n'kuwaonetsa mzere uja. Unali utalumpha, nthawi yomweyo, iwo akuona.

A Macheka anaika wailesi pansi. Anakhala onse awiri, wina pakhonde, wina pa njerwa, wailesi ili duu pakati pawo. Akazi awo anabwera n'kuima pakhomo, thovu la sopo lili m'manja. Patapita nthawi, kaphokoso ka shiii kanayamba kubwerera. Kenako mawu, kutali, ngati a munthu wotuluka m'phanga. Palibe amene anagwira batani.

"Tsiku lija," anatero a Macheka, mawu ali pansi, "unali pampando?"

"Ndinali pampando, bambo. Ndinkakuitanani."

A Macheka anayang'ana pamene panali mwendo wawo. Kenako anatembenukira kwa akazi awo.

"Mayi, mwanayu mpatseni mpando. Wakhala pa njerwa mokwana."

Anatola ndodo zawo, anadzikoka mpaka kumsewu, n'kukuwa ndi mawu omwe aja ankamunyozera nawo. "Tamverani nonse! Mwana uyu sanagone! Ndamva ndekha!"

Atabwerera pakhonde anakhala pansi akupuma mwabefu. Ova ankaganiza kuti zatha. Koma iwo anati, "Komatu dzuwa silinadule mwendo wanga, mwana wanga."

"Bwanji, bambo?"

"Kumsasa kunkakhala galimoto yakeyake, yodikirira ngozi. Ikanakhalapo, wailesi sitikanaifuna n'komwe. Sabata imeneyo manijala anaitenga kuti ikatute njerwa za nyumba yake."

"Ndipo munkadziwa?"

"Msasa wonse unkadziwa. Anzanga anatseka pakamwa poopa ntchito. Ine ndinkadikira kuti kampani indiganizire. Kukwiyira iwe kunali kosavuta, unalibe wokuimira."

Nkhuyu zodya akulu zinapota mwana. Wamkulu anatenga galimoto, dzuwa linachita zake monga lakhala likuchitira kuyambira kale, ndipo mlandu wonse anausenzetsa mwana wamasiye chifukwa ndiye anali wopepuka kumunyamula n'kumutaya kunja kwa geti.

Ova mayeso anakhoza, sayansi ili patsogolo. Mayi wa kukoleji anamutenga kuti azithandiza mu labu, ndipo lero ndi wophunzira pakoleji pomwepo. Padenga la labu pali eliyo imene anamanga ndi manja ake, yomvera dzuwa. Likabangula, amachenjeza amene amadalira mawailesi a kutali, a maambulansi ndi a m'misasa, kuti asataye nthawi kupotokola mabatani, agwiritse ntchito njira ina. Azakhali ake tsopano amadutsa mumsewu muja pang'onopang'ono, kupatsa moni aliyense, ngakhale amene sanawafunse.

Iwe amene akunamizira, iwe amene unalephera mayeso n'kumadziona ngati mutu wako ndi dzungu, mtima usautaye. Chimene unaona ndi maso ako, chimene unamva ndi makutu ako, usachigulitse chifukwa chakuti akuluakulu aseka. Usapepese mlandu umene sunapalamule pofuna kuti msewu ukupatse moni. Funsa. Akakubweza pageti, bweranso. Akakana pepala, apititsire chinthu chenichenicho pakhonde pawo, ukhale pa njerwa mpaka amve.

Koma musandiuze kuti zonse zatha bwino. A Macheka akuyendabe ndi ndodo. Anapita kukampani ndi anzawo a kumsasa amene tsopano alimba mtima, ndipo manijala anawatumizira mlembi kuti bwana ali mumsonkhano. Anapitanso, bwana ali mumsonkhano. Nyumba ija inatha, ndi yokongola, ili ndi mpanda wautali.

A manijala, tulukani mumsonkhanomo. Dzuwa lafotokozedwa, mtsikana wayera, wailesi inalibe mlandu. Kwatsala inu. Pageti panu paima bambo wa mwendo umodzi, ndipo funso lake ndi lalifupi: tsiku limene magazi ake ankathera mu utuchi, galimoto ya kumsasa munaipititsa kuti, ndipo anakulolani ndani?

Yankhani.